Mukufuna Kuyamba Kupanga Mawebusayiti? Yambirani Apa

Musathamangire kugula mapulogalamu odula. Kompyuta yomwe muli nayoyo, bulawuza (pulogalamu yotsegulira mawebusayiti) ndi pulogalamu yolembera ngati VS Code, yomwe ndi yaulere, zakwanira.

Yambani ndi HTML. Ndiyo imaika mitu, ndime, zithunzi ndi malinki pamalo pake. Kenako phunzirani CSS, yomwe imasamala za mitundu, kukula kwa zilembo ndi kayalidwe ka tsamba. JavaScript, yomwe imachititsa kuti tsamba lizichita zinthu munthu akadina penapake, idikire kaye. Ine ndimauza ongoyamba kumene kuti asaikhudze mpaka atatha kupanga tsamba looneka bwino popanda iyo. Pakakusokonezani, fufuzani pa MDN Web Docs, webusayiti ya Mozilla yomwe imafotokoza zonsezi.

Njira yophunzirira msanga ndi iyi: tsegulani webusayiti yomwe yakusangalatsani, dinani batani la F12 pa kiyibodi, muone momwe anaimangira. Sinthani mtundu apa, kukula kwa zilembo apo. Simuwononga kanthu, mukangolitsegulanso tsambalo zonse zimabwerera mwakale.

Tsamba lililonse muzilipangira foni kaye, kompyuta pambuyo. Zithunzi muzizichepetsa musanaziike, ndipo mtundu wa fayilo ya zithunzi wotchedwa WebP umathandiza pamenepa. Tsamba lolemera limangodya data, munthu amalitseka lisanatseguke n'komwe.

Mukapanga masamba awiri atatu, aikeni kwaulere pa GitHub Pages, malo oikapo mawebusayiti pa intaneti, kuti mukhale ndi zoonetsa, poti kasitomala amafuna kuona ntchito ndi maso ake. Mukamupeza, lembani zimene mwagwirizana: masamba angati, mudzasintha kangati, mawu ndi zithunzi akubweretsa ndani. Domeni, yomwe ndi adiresi ya webusayiti pa intaneti, ilembedwe m'dzina lake, osati lanu. Gawo la malipiro mulandiriretu musanagwire kalikonse.