Mmene mungawerengere masomphenya a Mayi Julian a ku Norwich

Mayi Julian, mkhristu wa ku England wa zaka za m'ma 1300, analemba masomphenya awo kawiri, koyamba mwachidule, kenako buku lalitali la machaputala 86 atasinkhasinkha kwa zaka zambiri. Pofufuza pa intaneti lembani kuti Revelations of Divine Love. Mupeza laulere lomwe Grace Warrack anasindikiza mu 1901, koma Chingelezi chake ndi chachikale, choncho ngati mungapeze lolembedwa m'Chingelezi cha masiku ano, tengani limenelo. Likakhala ndi zigawo zonse ziwiri, yambani ndi chachifupicho kuti muwaone kaye mayiwa ali pamphasa.

Munali m'mwezi wa Meyi 1373, mumzinda wa Norwich ku England. Mayi Julian anali ndi zaka 30 ndi theka, atadwala mwakayakaya mpaka kulandira masakramenti omaliza. Wansembe anabwera ndi mtanda n'kuuimika pamaso pawo. M'chipinda monse munachita mdima, kungotsala mtandawo, ndipo anaona magazi akutsika pansi pa chisoti chaminga. Masomphenya 15 anabwera motsatizana, la 16 usiku wotsatira. Anachira, ndipo pambuyo pake anakakhala m'kachipinda kogundizana ndi tchalitchi cha St Julian, osatulukamonso.

Musanafike pa mawu awo otchuka aja akuti zonse zidzakhala bwino, dziwani kuti mliri waukulu wa mu 1348 ndi 1349 unasesa Norwich iwo ali mwana wamng'ono. Anakula pakati pa anthu amene anaika maliro mpaka kutopa. Mawu amenewo anawamva kwa Ambuye Yesu pamene iwo ankadandaula kuti n'chifukwa chiyani Mulungu analola tchimo kulowa m'dziko, ndipo atawamva sanangoti amen, anapitiriza kufunsa kuti zingatheke bwanji. Zimandipweteka ndikaona mawuwa atapachikidwa paokha ngati akukhazika munthu chete pamaliro. Awerengeni pamodzi ndi funso lomwe linawabala.

Khalani ndi kope ndi cholembera. Mayi Julian amanena okha kuti zinthu zinkawafikira m'njira zitatu: zina ankaona ndi maso, zina anali mawu oumbika m'maganizo mwawo, zina ankaziona mumzimu ndipo amavomera kuti zimenezi sangathe kuzifotokoza mokwanira. Ine ndimalemba m'mphepete kuti ichi anaona, ichi anamva, ichi ndi chimene iwo anaganiza pambuyo pake. Mukatero mudzadabwa kuti masomphenya enieniwo ndi ochepa, gawo lalikulu la bukuli ndi munthu akulimbana ndi zomwe anaona. Chaputala chimodzi pa tsiku n'chokwana. Ine ndimawerenga tikatha kudya madzulo, ana atagona.

Tsono chimene ndikufuna muyang'anitsitse ndi mmene mayiwa ankachitira ndi masomphenya awo, poti masiku ano oona masomphenya ndi ambiri ndipo salephera kulengeza tsiku lomwelo. Munthu wina wachipembedzo atabwera kudzawazonda, iwo anamuuza kuti lero ndimangobwebweta. Iye anaseka, koma atamva za mtanda wotuluka magazi anakhala chete ndi mantha, ndipo Mayi Julian anachita manyazi kuti akayikira msanga chomwe Mulungu anawaonetsa. Nkhani imeneyi anailemba okha, osaibisa. Nthawi ina anafuna kudziwa za munthu wina amene ankamukonda, ngati adzapitirize kuyenda bwino m'chikhristu. Sanauzidwe. Anaphunzitsidwa kuti alandire zonse monga za anthu onse, osati za wakutiwakuti. Anafuna kuona gehena ndi purigatoriyo, sanaonetsedwe. Analembanso kuti kuona masomphenya sikuwasandutsa munthu wabwino, pokhapokha ngati kukuwachititsa kukonda Mulungu kwambiri. Malo onsewa muwalembe mzere. Akuthandizani tsiku lomwe wina adzakuuzeni kuti wakuonerani.

Chaputala 51 cha buku lalitali muchipatse sabata yonse. Muli fanizo la bwana ndi wantchito wake. Wantchito watumidwa, akuthamanga mwachikondi kukachita zomwe wauzidwa, n'kugwera m'dzenje n'kuvulala. Ali m'dzenjemo sangathe ngakhale kutembenuka kuti aone nkhope ya bwana wake, yemwe akumuyang'ana mwachifundo osamuimba mlandu. Mayi Julian sanalimvetse fanizoli, ndipo m'buku lalifupi mulibe. Panapita zaka 20 kuchotsapo miyezi itatu asanauzidwe kuti abwerere n'kuyang'ananso kanthu kalikonse: malo amene bwana anakhala, mtundu wa chovala chake, malaya ong'ambika a wantchito. Pamenepo ndiye anazindikira kuti wantchitoyo ndi Adamu, komanso ndi Khristu amene anatsika kudzagwa nafe. Inunso chitani zomwezo, lembani zonse zomwe mukuona m'fanizomo musanawerenge tanthauzo lawo.

Padzakhala pena pokuvutani. Mayiwa amati sanaone mkwiyo mwa Mulungu, pomwe Mpingo unkawaphunzitsa kuti wochimwa ayenera chilango. Sanataye chimodzi kuti asunge chinzake, anagwira zonse ziwiri n'kumapempha kuunikiridwa. Pamenepa musawerenge nokha, kambiranani ndi anzanu a kumphakati kapena abusa anu. Mayi Julian nawonso sanali munthu wodzipatula kotheratu, anthu ankabwera kudzafunsa uphungu, monga Margery Kempe wa ku Lynn amene anawachezera cha m'ma 1413 kuti amuthandize kuyesa ngati zomwe ankamva zinali zochokera kwa Mulungu.

Machaputala onena za Yesu ngati mayi wathu, kuyambira cha pa 58 mpaka 63, muwasungire kumapeto, poti ena amadodoma nawo. Powawerenga tsegulani Baibulo pa Yesaya 49:15 ndi Mateyu 23:37, ndipo muyambe ndi mavesiwo.