Kukula kwa mbalame yolusa kukuuzeni nkhuku zoyenera kutsekera

Nthawi zambiri mlimi akabwera kudzadandaula kuti kabawi wamutha nkhuku, ndimayamba ndamufunsa kuti: mbalameyo inali yaikulu bwanji, nanga mapiko ndi mchira wake zinali zotani? Ambiri amangoti "anali kabawi basi." Komatu mbalame zolusa zimene zimazungulira pamudzi n'zosiyana kukula, ndipo msinkhu wake ndi umene umanena chimene ingathe kunyamula. Mayina amasiyana m'madera, ena amati kabawi, ena mphamba, ena kamtema, choncho tiyang'ane maonekedwe.

Imene timaiona kwambiri ndi ija yofiirira, ya mlomo wachikasu ndi mchira wa mphanda, yomwe imayandama pamwamba pa misika ndi m'midzi osakupiza mapiko kwenikweni. Imafika kuno cha mu Ogasiti ndi Seputembala n'kuchoka dzinja likamatha. Ikatambasula mapiko imapitirira mita imodzi, ndiye imaoneka yoopsa. Koma thupi lake n'lopepuka, nthawi zambiri silikwana kilogalamu imodzi, ndipo zikhadabo zake n'zofooka. Thadzi singalinyamule. Chimene imafuna ndi mwanapiye wa masabata ochepa amene watalikira make pabwalo poyera. Tsoka lake, nthawi imene imabwerayi ndi yachilimwe, tchire litapsa, anapiye alibe pobisala.

Palinso gulu la mapiko aafupi obulungira ndi mchira wautali. Izi sizizungulira kumwamba ayi. Zimakhala phee mumtengo wa mango kapena bulugamu, kenako n'kutulukira mwadzidzidzi chapansipansi. Kakang'ono kwambiri pagululi n'kofanana ndi njiwa, ndipo kamadya timbalame ndi tianapiye tongoswedwa kumene. Koma ilipo yaikulu, yakuda kumsana, yotalika pafupifupi theka la mita, imene imapha nkhunda ngakhalenso msoti. Dziwaninso kuti pa mbalame zolusa zambiri yaikazi ndi imene imakula kuposa yaimuna, moti mukaona ziwiri zosiyana msinkhu pamtengo umodzi, mwina ndi banja limodzi.

Za mapiko osongoka ngati mpeni ndi zija zimaswera m'matanthwe, monga kumapiri a Mulanje, Zomba ndi Dedza. Kukula kwake n'kwapakati, kuyandikira khwangwala, koma mphamvu yake ili pa liwiro. Mtundu wina pa izi ukamatsika kuchokera kumwamba umapitirira makilomita 300 pa ola. Oweta nkhunda ndi amene amalira nazo kwambiri. Chiwombankhanga, cha mapiko ofika mamita awiri, ndicho chimanyamula nkhanga ndi nkhuku yaikulu monga dzina lake linenera, koma masiku ano n'chosowa kufupi ndi midzi.

Mukaonetsetsa, zambiri mwa izi zimalimbana ndi nkhuku zazing'ono. Ndiye ntchito yathu ili pa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu oyambirira. Lukani dengu lalikulu la nsungwi lovundikira, kapena khomani kakhola konyamulika ka timitengo ndi waya, kokhala ndi denga. Mipata ikhale yaing'ono moti mwanapiye sangatuluke. Thadzi ndi ana ake akhale m'menemo masana, pamthunzi, ndipo muzisuntha tsiku lililonse kuti asamakhale pa zitosi. Poti mwawatsekera, chakudya chili kwa inu: madeya osakaniza ndi soya wokazinga n'kusinja, nyenyeswa za usipa, chiswe ndi masamba. Madzi muike m'mbale yosazama, muponyemo timiyala kuti anapiye asamire. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amavundikira masiku atatu, n'kutsegula poti "akulira njala," mawa lake anapiye khumi atsala asanu ndi mmodzi.

Akayamba kuyenda okha, pabwalo pasakhale mbee. Nandolo, chinangwa kapena kathandala kafupi ka udzu zimapatsa anapiye pothawira thadzi likangolira kuchenjeza. Koma ngati mdani wanu ndi uja wobisalira mumtengo, musamawaze chakudya pansi pa mtengo wa masamba ambiri. Dyetserani pakhonde kapena pafupi ndi khola.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musathire poizoni pa mwanapiye wakufa kuti muphe kabawi. Nyambo yoteroyo imadyedwa ndi galu, mphaka ndi nkhuku zanu zomwe, ndipo mwana akhoza kuitola. Mbalamezi zimatithandizanso. Kaja koyera kumimba, ka mapewa akuda ndi maso ofiira, kamene kamaima malo amodzi m'mwamba kakukupiza mapiko pamwamba pa munda, chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe amene amafukula chimanga chathu tikangodzala.

Anapiye akadali m'dengumo, itanani wopereka katemera wa chitopa adzawadonthezere m'diso, poti n'kosavuta kuwagwira ali malo amodzi, ndipo muzibwereza miyezi inayi iliyonse.