Wina akakuuzani kuti Baibulo limadzitsutsa lokha, chitani izi

Kuno ku Joni nkhani iyi siyisowa. Pa ntchito nthawi ya lanchi, mu tekisi yochokera pa Bree kupita ku Diepsloot, ngakhale m'magulu a WhatsApp a anthu akumudzi, wina amangoponya kavidiyo, mwina ka malemu Ahmed Deedat, mlaliki wachisilamu wa ku Durban uja amene anamwalira mu 2005 kapena ka achinyamata a pa TikTok, akuwerenga mavesi awiri ooneka ngati akukangana, kenako nkumati yankhanitu inu Akhristu. Ndiye munthu woti wakulira mu Sande sukulu, kwaya waimba, ubatizo anachita kalekale, amangoti kakasi. Ena amakwiya nkuyamba kutukwana, ena amangosiya kupita ku tchalitchi mwakachetechete osauza munthu, ndipo awa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri.

Choyamba, musachite mantha ndipo musadzione ngati mwachimwa chifukwa mwakayika. Petro yemwe, pa 2 Petro 3:16, ananena poyera kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa. Tomasi anakana kukhulupirira mpaka ataona mabala, Yesu sanamuthamangitse, anamuonetsa manja.

Chachiwiri, tsegulani Baibulo lanu nokha, osadalira screenshot. Werengani mutu wonse, osati vesi lokhalo lomwe akuonetsani, ndipo ngati muli ndi app pa foni ikani Buku Lopatulika la 1922 lija pambali pa Buku Loyera la 1998, muwerenge onse. Zambiri zimathera pompa. Mwachitsanzo Miyambo 26:4 imati usayankhe chitsiru monga mwa utsiru wake, vesi 5 nkumati yankha chitsiru monga mwa utsiru wake. Mavesiwa ndi oyandikana, wolembayo sanaiwale zomwe walemba mzere wapamwambapo, akutiphunzitsa kuti pali nthawi yoyankha ndi nthawi yongomusiya munthu, nzeru ndiyo kudziwa nthawi yake. Chimodzimodzi Aroma 3:28 ndi Yakobo 2:24. Paulo akulimbana ndi anthu oganiza kuti kusunga chilamulo ndi mdulidwe ndiye kumawapulumutsa, pomwe Yakobo akudzudzula anthu oti pakamwa ndi chikhulupiriro chokhachokha koma mbale wawo ali maliseche ndi njala iwo angomuuza kuti pita mumtendere. Odwala ndi osiyana, mankhwalanso ndi osiyana.

Chachitatu, dzifunseni kuti kodi apa ndi kutsutsana kapena ndi mboni ziwiri zomwe zaona mbali zosiyana. Anthu awiri akwere basi imodzi pa Park Station kupita ku Lilongwe, akafika kumudzi wina azikamba za mzere wa pa Beitbridge, mnzakeyo za tayala lophulika kufupi ndi Tete, palibe wanama apo. Pa manda a Yesu, Mateyu 28 akutchula mngelo mmodzi amene anakunkhuniza mwala, Marko 16 akuti mnyamata wovala zoyera, Luka 24 akuti amuna awiri, Yohane 20 akuti angelo awiri. Mateyu sanalembe kuti anali mmodzi yekha basi, wangotchula amene anayankhula ndi azimayi aja. Ndipo onse anayi akugwirizana pa chenicheni, kuti linali tsiku loyamba la sabata, Mariya wa Magadala anali pomwepo, manda anali apululu.

Imfa ya Yudasi ndiye imene amaikonda kwambiri otsutsa. Mateyu 27:5 akuti anadzipachika, Machitidwe 1:18 akuti anagwa chamutu naphulika pakati matumbo nkukhuthuka. Akhristu ambiri kuyambira kale amafotokoza kuti anadzipachika kaye kenako mtembo unagwa nkuphulika, ndipo zimenezi nzotheka ndithu, koma chonde mukamayankha muzinena kuti ndi kafotokozedwe, osamauza munthu kuti Baibulo linanena kuti chingwe chinaduka pomwe silinatero, chifukwa akakufunsani vesi muchita manyazi ndipo zonse zomwe munanena kale ziwoneka ngati bodza. Za munda umene unagulidwa ndi ndalama zomwe Yudasi analandira popereka Yesu nazonso, Mateyu akuti anagula ndi ansembe aakulu, Machitidwe akuti Yudasi anadzipezera munda, koma ndalama zake zinali zomwe zija 30 zasiliva za Yudasi, ansembe anakana kuziika mosungira ndalama za kachisi chifukwa zinali mtengo wa magazi.

Chachinayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri a ife timalephera, vomerani kuti pali malo ena amene okopera analakwitsa, makamaka manambala. Makina osindikizira mabuku a Gutenberg anabwera cha m'ma 1450, zaka zonse za m'mbuyomo Baibulo ankalikopera pamanja. Pa 2 Mafumu 8:26 Ahaziya anayamba kulamulira ali ndi zaka 22, pa 2 Mbiri 22:2 malemba a Chiheberi akuti 42. Tsopano werengani 2 Mbiri 21:20, bambo ake Yehoramu analowa ufumu ali ndi zaka 32 nalamulira zaka 8, kutanthauza kuti anamwalira ali ndi zaka 40, ndiye mwana angakhale bwanji ndi 42? Baibulo lomwelo likukuuzani kuti yolondola ndi 22, ndipo mipukutu ina yakale ya Chigiriki ndi Chisiriya ili ndi 22 pamenepo. Ine sindiona chifukwa chobisira zimenezi. Mabaibulo ambiri amasiku ano amalemba okha m'munsi mwa tsamba, ngakhale za Marko 16:9-20 amanena kuti mulibe mu mipukutu iwiri yakale kwambiri, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus. Mwana wanu akazimva koyamba kwa munthu wonyoza pa YouTube aganiza kuti mpingo unkamubisira, bola azimve kwa inu pakhomo kapena pa mlaga. Ndipo mumufunse kuti zaka za Ahaziya zikusintha chiyani pa mtanda, pa kuuka kwa Yesu, pa kukhululukidwa kwa machimo.

Chachisanu, onani amene akufunsayo. Ambiri mwa anzathu achisilamu omwe timagwira nawo ntchito ku Mayfair kapena Fordsburg ndi abale athu a ku Mangochi ndi Machinga, timadyera mbale imodzi ya nsima, zovuta zikagwa timasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndiye musalole mavesi akudanitseni. 1 Petro 3:15 imati tikhale okonzeka kuyankha koma mofatsa ndi mwaulemu. Ngati yankho mulibe nenani kuti achimwene, ndipatseni sabata ino ndikafufuze, nkukafufuzadi. Koma ngati mukuona kuti munthuyo akungofuna mkangano, mukayankha ili iye walumphira kale pa lina osamvetsera, musiyeni, data yanu ndi yodula.

Chomaliza, musalimbane nazo nokha usiku m'kachipinda ka lendi. Lembani mavesiwo pa pepala, mupite nawo kwa abusa kapena akulu ampingo tchalitchi ikatha, kapena muwabweretse pa mphakati kaya pa mlaga muwerengere limodzi ngati anthu a ku Bereya aja a pa Machitidwe 17:11 omwe ankasanthula malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zomwe Paulo akunena zili zoona. Abusa ndi akulu ampingo, inunso chonde, wachinyamata akabwera ndi funso lotere musamuyankhe kuti ali ndi chiwanda kapena kuti Joni yamuwononga, Yuda vesi 22 imati okayika tiwachitire chifundo. Mukhazikeni pansi, mutsegule 2 Mafumu ndi 2 Mbiri muwerengere limodzi zaka za Yehoramu zija, ndipo ngati funso lakukulirani lembani nambala yake, mufunse abusa anzanu omwe anapita ku sukulu ya ubusa ku Zomba kapena ku Nkhoma, mumuimbire Lamulungu lisanafike.