Lemba maloto ako, udzidziwe bwino

Ambirife tikalota njoka timathamangira kwa agogo kapena abusa kukafunsa tanthauzo, koma tayambani mwadzifunsa nokha kaye. Gonani ndi kope ndi bolopeni pafupi ndi pilo, osati foni, chifukwa mukangotsegula WhatsApp basi loto lathawa. Maloto omveka bwino amabwera m'tulo tomwe maso amayendayenda, asayansi amati REM, timabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse nkumatalika kukamacha, nchifukwa chake la m'mbandakucha ndi lomwe timalikumbukira. Mukadzidzimuka musadzambatuke, khalani phee, kenako lembani ngakhale mawu asanu okha ndi deti yake.

Musalimbane kwambiri ndi zomwe mwaona, lembaninso momwe mumamvera, mantha kodi, manyazi kapena chimwemwe? Ine ndinkangolota ndikulemba MSCE bolopeni yakana, chonsecho sukulu ndinamaliza kalekale, nditawerenga kope langa patatha mwezi ndinaona kuti lotoli limabwera usiku woti mawa lake ndikakumana ndi abwana. Kani ndimaopa kudzudzulidwa! Ndinayamba kukonzekeratu zokayankhula madzulo ndisanagone.

Loto loopsa likamabwerezabwereza mpaka kukusowetsani tulo, kaonaneni ndi adokotala.