Bayogasi akabwera m'dera lanu, musathamangire kusaina

Alimi anzanga, boma likangolengeza kuti magetsi a bayogasi, gasi wotuluka ndowe kapena zomera zikamaola m'thanki yotseka, azigulidwa pa mtengo wokwera, dziwani kuti nkhaniyo ifika kumunda kwanu olo gasiyo mulibe naye ntchito. Thanki ya bayogasi imadya tsiku ndi tsiku, siipuma. Ndowe za ng'ombe tani imodzi zimatulutsa gasi pafupifupi makiyubiki mita 25, pomwe sayileji, chimanga chodula chikadali chachiwisi ndi mapesi omwe, amafika cha m'ma 200. Ndiye mwini fakitale asankha chimanga basi ngati lamulo silikumuletsa.

Ku Germany zinayenda chonchi. Lamulo lawo la 2000 lolimbikitsa magetsi ochokera ku dzuwa, mphepo ndi bayogasi, lotchedwa EEG, linalonjeza mtengo wokhazikika wa magetsi kwa zaka 20, mu 2004 anawonjezera bonasi kwa amene akuthira mbewu zolimidwa dala m'thanki, mu 2009 anakwezanso, mafakitale anachuluka mpaka cha m'ma 9,000 ndipo chimanga cholimira gasi chinayandikira mahekitala 1 miliyoni. Fakitale imodzi yotulutsa magetsi a 500 kW imafuna mahekitala a chimanga pafupifupi 200. Tsono sayileji gawo lalikulu ndi madzi, kumunyamula mtunda wautali ndi kuwotcha dizilo pachabe, ndiye fakitale imalimbirana minda yomwe ili pafupi nayoyo. Kumadera ngati Niedersachsen lendi ya minda inakwera, ndipo amene anamva kuwawa kwambiri ndi alimi a ng'ombe za mkaka olima m'minda yobwereka, poti mtengo wa mkaka umakwera ndi kutsika pomwe mnzawo wa gasi ndalama yake inali yodziwika kale ya zaka 20. Mungapikisane naye bwanji ameneyo?

Komatu musaganize kuti fakitale imodzi ingagwedeze mtengo wa tirigu kapena chimanga chouma pa msika wa dziko lonse, ayi. Zomwe zimakwera msanga ndi lendi ndi chakudya cha ziweto cha m'dera momwemo.

Ndalama imeneyi gwero lake ndi lamulo, ndipo malamulo amasintha. Mu 2012 Germany inaika malire oti chimanga chisapitirire 60% ya zothira m'mafakitale atsopano, mu 2014 bonasi ya mbewu anaichotseratu kwa atsopanowo ndipo kumanga kunachepa kwambiri. France inaika malire a 15% pa mbewu zolimidwa dala mu 2016. Pano mafakitale a ku Germany amene anamangidwa kuyambira 2004 zaka zawo 20 za mtengo wokhazikika zayamba kutha.

Ndiye eni fakitale akakubwererani ndi kontilakiti yoti muziwalimira chimanga, choyamba funsani kuti mtengo wolonjezedwa ndi boma pa fakitale yawoyo utha chaka chiti, musamange ngongole ya thirakitala yopitirira chaka chimenecho. Mtengo wa sayileji wanu ulembedwe motsatira mtengo wa chimanga chouma pa msika, osati nambala imodzi ya zaka zonse. Onetsetsaninso kuti akulipira pa tani yaiwisi kapena atachotsera madzi, amayeza ndani, odula ndi onyamula ndani, pamenepa mpomwe anthu ambiri amaluzira osadziwa. Zotsalira m'thanki gasi atatuluka zibwerere kumunda kwanu ndipo zilembedwe mu kontilakitimo, chifukwa mukadula chimanga ndi mapesi omwe palibe chotsalira m'nthaka, manyowa amenewo ndi amene amabweza potaziyamu, fosifolasi ndi nayitulojeni. Musalime chimanga chaka ndi chaka pamalo amodzi eti chifukwa wogula alipo, kasinthasintha wa mbewu apitirire.

Inu obwereka minda, mukangomva mphekesera za fakitale pitani kwa eni munda mukalemberane pangano la zaka zingapo mtengo usanakwere. Ndipo ngati muli ndi ziweto, funsani ngati fakitaleyo ingamatenge ndowe zanu nkumakubwezerani manyowa, pamenepo munda wanu sukhudzidwa olo hekitala imodzi.