Momwe mungapangire cryptic crossword yanu m'Chichewa

Cryptic crossword ndi masewera a ku Britain. Timabokosi take n'tofanana ndi ta crossword wamba ya m'nyuzipepala, koma funso lililonse limakhala ndagi: mbali ina ikutchula tanthauzo la yankho, mbali inayo ikukuuzani kamangidwe ka liwulo ndi zilembo, ndipo zonsezo zimalukidwa kuti zimveke ngati chiganizo wamba. Opanga ake amabisala kumbuyo kwa maina odzipatsa. Edward Powys Mathers anayamba m'nyuzipepala ya The Observer mu 1926 akudzitcha Torquemada. Amene anamulowa m'malo mu 1939, Derrick Macnutt, ankadzitcha Ximenes, ndipo malamulo ake ndi amene ine ndimatsatira: woyankha umusocheretse mmene ungathere, koma usamunamize, komanso liwu lililonse m'ndagimo likhale ndi ntchito.

Zida ndi kope la masamu lija la timabokosi, pensulo ndi chofufutira chabwino. Pali pulogalamu ya Crossword Compiler, koma ndi yogula ndi ndalama zakunja. Anyamata amene amati akuikirani "yaulere" kuchokera pa fulashi asiyeni, mudzangobwera ndi mavairasi kunyumba. Pulogalamu ina yotchedwa Qxw ndi yaulere zenizeni, ndipo imalola kuikamo mndandanda wa mawu anuanu. Mndandandawo mulemba nokha, chifukwa wa Chichewa sabwera nawo.

Jambulani bwalo. A ku Britain amagwiritsa ntchito timabokosi 15 m'litali, 15 m'lifupi, koma inu yambani ndi 9. Detsani timabokosi tina ndi pensulo moti mukazondotsa pepalalo, mutu pansi, chithunzi chikhale chomwecho. Pafupifupi theka la zilembo za liwu lililonse lidutsane ndi mawu ena. Bokosi limodzi, chilembo chimodzi: "ch" amadya mabokosi awiri, ndipo ng'ombe imalowa m'mabokosi 6 popanda kachizindikiro kaja.

Tsopano podzaza mawu, apa ndiye pamene panandigwetsa ulesi. Musatengere bwalo la m'nyuzipepala ya Chingerezi n'kuganiza kuti mungothiramo Chichewa. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. Ndiye pamene liwu lopingasa likuthera, ngati pomwepo pakuyambira liwu lotsika, lotsikalo liyenera kuyamba ndi lembo la liwu basi. Mawu otere tili nawo angati? Ufa, udzu, uchi, imfa, kenako mwatsala ndi anthu, agalu, alendo, atsikana. Bwalo langa loyamba mbali yonse ya kudzanja lamanja inadzaza ndi "a" wa zochuluka, ndipo mnzanga amene ndinamupatsa anangolemba "a" kuyambira pamwamba mpaka pansi asanawerenge ndagi ngakhale imodzi. Pangodya ya m'munsi ndinafufuta mpaka pepala linabooka.

Mankhwala ake ndi kuyamba ndi mbali yovutayo, ya kumanja ndi ya m'munsi, osati pamwamba kumanzere pamene dzanja limathamangira. Konzaninso bwalo kuti mawu azidutsana pakati osati kumapeto. Mawu ambiri a zilembo 5 ndi 7 amafuna tizilembo tophatikizana monga mb, nd, ts, kotero sonkhanitsiranitu ambiri oterowo papepala lapadera: mbuzi, nsima, fumbi, chitseko ayi, chili ndi 8. Aneni ndi msampha wina. Anapita, adapita, amapita, onse amakwana m'mabokosi 7, ndipo woyankha adzakutukwanani. Gwiritsani maina ambiri, aneni ochepa. Liwu lililonse lokayikitsa liyang'aneni mu mtanthauziramawu, monga Angerezi amachitira ndi Chambers, kuti pasadzakhale mkangano wa kalembedwe.

Ndagi zilembeni bwalo likadzaza, osati lisanadzaze. Yosavuta ndi yosakaniza zilembo. "Wakuba wapota lamba (5)". Tanthauzo ndi wakuba, "wapota" akukuuzani kuti musokoneze zilembo za lamba, mupeza MBALA. Nambala ya kumapetoyo ndi kuchuluka kwa zilembo, musaiwale. Ina ndi yobisa liwu m'kati mwa linzake: "Ndiwo zili m'mimba mwa mnyamata (5)". Yang'anani pakati pa mnyamatayo muona NYAMA. Imeneyi ndimaikonda chifukwa owerenga amayamba aseka asanazindikire kuti yankho lili pamaso pawo. Yachitatu ndi ya matanthauzo awiri: "Mlombwa, mwachitsanzo, ndalama zingati? (6)" ndi MTENGO. "Mwachitsanzo" asachokepo, poti mlombwa ndi mtundu umodzi chabe, ndipo a Ximenes sakanakukhululukirani. Zotembenuza liwu chambuyo, zimene Angerezi amazikonda, kwathu kuno sizibala kanthu, musataye nazo nthawi.

Tanthauzo likhale koyambirira kapena kumapeto kwa ndagi, pakati ayi. Zosakaniza zilembo zisapitirire zinayi kapena zisanu m'bwalo limodzi, zimatopetsa.

Zotsalazo n'zachidule. Ikani manambala kuyambira pamwamba kumanzere, gawani ndagi m'magulu awiri, zopingasa ndi zotsika. Mupatse munthu mmodzi wosakunyengererani ayese, ndipo ndagi imene wayankha koma osatha kufotokoza chifukwa chake, ilembeninso. Dzipatseni dzina; m'busa John Graham wa nyuzipepala ya The Guardian ankadzitcha Araucaria, dzina la mtengo. Mukapita kosindikiza tengani PDF, osati Word, apo ayi bwalo lidzatuluka lopendama. Auzeni asindikize tsamba limodzi muone kaye musanalipire, chifukwa pamalo ena inki amaiumira mpaka mabokosi akuda amatuluka otuwa, anthu n'kumalembamo zilembo. Mayankho asungeni papepala lina, mudzawatulutse sabata yotsatira.