Momwe mungaphunzitsire ophunzira a kukoleji kufufuza ndi kulemba chimangirizo cha mtsutso

Mphunzitsi aliyense amene wachongapo mulu wa zimangirizo za ophunzira a chaka choyamba amalidziwa pepala ili: masamba asanu otayipidwa bwino, mayina a akatswiri ali mbwee, koma ukafika kumathero n'kufunsa kuti mwini wakeyu akuti chiyani, yankho osalipeza. Kawirikawiri wophunzirayo sanachite ulesi. Wachezera usiku, wawerenga, watolera. Kungoti kusekondale ankakhoza pobweza zomwe wamva, ndipo palibe anamuonetsapo momwe munthu amaimira pa mfundo yake n'kuiteteza ndi umboni. Luso limeneli limaphunzitsika, bola ntchitoyo muidule m'zidutswa, n'kumaona chidutswa chilichonse chisanalumikizidwe ndi chinzake.

Yambani ndi funso

Musalole munthu kulowa mulaibulale ali ndi mutu wokha. "Mafoni ndi maphunziro" ndi mutu, ndipo munthu angalembepo mabuku khumi osaumaliza. Funso ndi lotere: "Kodi kuletsa mafoni m'kalasi kumathandiza ophunzira a kusekondale kukhoza bwino mayeso?" Apa tikudziwa anthu amene tikuwanena, tikudziwa chomwe tiyeze, komanso anthu awiri anzeru zawo akhoza kuyankha mosiyana. Ngati aliyense m'kalasimo avomera msangamsanga, funsolo lilibe mtsutso, lisiyeni.

Sabata yoyamba aliyense abwere ndi mafunso atatu papepala. Awerenge limodzi mokweza, anzake amupanikize: ndani, kuti, kuyambira liti, tidzadziwa bwanji? Ola limodzi lotere limapulumutsa masabata ambiri a kuwerenga kopanda mutu.

Sakani nawo limodzi

Ambiri amalemba funso lonse mu Google n'kutenga zomwe zabwera pamwamba. Khalani pa kompyuta iwo akuona, mutole mawu awiri kapena atatu ofunika kwambiri m'funsomo, muwasinthesinthe ndi ena ofanana nawo tanthauzo. Aonetseni Google Scholar, tsamba losakira zolemba za akatswiri lomwe linayamba mu 2004, makamaka kabatani ka "Cited by" komwe kamaonetsa anthu ena amene anagwiritsa ntchito pepalalo pambuyo pake. Aonetseni tsamba la pa intaneti la DOAJ, m'mene muli magazini aukatswiri owerenga mwaulere. Wikipedia musawaletse, auzeni kuti ndi khomo lolowera, atsike m'munsi mwa nkhani akaone kumene mfundozo zachokera. Ndipo muitaneni wa kulaibulale adzayankhule nawo. Ophunzira ambiri amamaliza chaka osadziwa kuti munthuyo anaphunzira ntchito yosaka imeneyi kuposa ife aphunzitsi.

Aphunzitseni kukayikira gwero

Mu 2017, Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a pa yunivesite ya Stanford ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ndimakonda kuuza kalasi iliyonse. Anapatsa masamba a pa intaneti kwa magulu atatu: akatswiri a mbiri yakale, ophunzira a pa Stanford pomwepo, ndi anthu amene ntchito yawo n'kutsimikiza nkhani zisanasindikizidwe. Magulu awiri oyambawo ankakhazikika patsambalo, kuyang'ana maonekedwe ake ndi zomwe eni ake akudzinenera, ndipo ambiri anapusitsika. Gulu lachitatu linkangosuzumira pang'ono, n'kutuluka kukafufuza kwina zomwe anthu ena amanena za eni tsambalo. Ilo ndi limene linkafika pa yankho lolondola, ndiponso mofulumira.

Chitani zomwezo m'kalasi. Apatseni masamba awiri okamba nkhani imodzi, lina la bungwe lodalirika, lina looneka bwino koma la anthu ogulitsa malonda kapena okopa anthu ku maganizo awo. Mphindi khumi zokha, auze anzawo kuti analemba ndani, amamulipira ndani, analemba liti, nanga pepalalo linaunikidwa ndi akatswiri anzake lisanatuluke kapena ayi.

Panonso ndi poyenera kukamba za ChatGPT ndi zinzake, zida za pa kompyuta zolemba zokha mayankho munthu akazifunsa, zomwe zafala kuyambira kumapeto kwa 2022. Zimatha kupeka dzina la buku, wolemba ndi chaka, zonse zooneka ngati zenizeni. Lamulo likhale limodzi: chomwe sunachitsegule n'kuchiwerenga ndi maso ako usachitchule m'pepala lako.

Manotsi a magawo atatu

Kuba nzeru za ena nthawi zambiri kumayambira m'manotsi. Wophunzira akopera ndime kuti adzaigwiritse ntchito mawa, pakatha masabata awiri waiwala kuti si yake. Auzeni agawe pepala patatu. Kumanzere alembe dzina la wolemba, chaka ndi tsamba. Pakati alembe mfundoyo m'mawu awoawo, buku atalitseka. Kumanja ayankhe kuti mfundoyi ikugwirizana ndi funso lawo kapena ikulitsutsa, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Gawo lakumanjali ndi limene limadzasanduka chimangirizo. Posunga mayina a mabuku motsatira njira zolembera magwero za APA kapena Harvard, pulogalamu yaulere ya Zotero imathandiza, ndipo theka la ola n'lokwanira kuiphunzira.

Mfundo, umboni, ndi chozilumikiza

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musapathamangire. Aliyense alembe yankho la funso lake m'chiganizo chimodzi chomwe wina angachikane. "Mafoni ali ndi ubwino ndi kuipa kwake" si yankho, ndi kuthawa. "Kuletsa mafoni nthawi ya phunziro kumathandiza kwambiri ophunzira amene amatsalira m'mbuyo" ndi yankho, chifukwa likufuna umboni ndipo likhoza kugwetsedwa.

Stephen Toulmin, katswiri wa filosofi wa ku Britain, anafotokoza mu 1958 kuti mtsutso uli ndi zomwe ukunena, umboni wake, ndi ganizo lomwe limalumikiza ziwirizi. Ophunzira amagwira msanga ziwiri zoyambazo. Chachitatu amachidumpha, poganiza kuti nambala imadzilankhulira yokha. Wina alemba kuti pasukulu ina malikisi anakwera ataletsa mafoni, choncho kuletsako kumathandiza. Mufunseni modekha: "Nanga ngati chaka chomwecho kunabwera aphunzitsi atsopano? Nanga ngati mayesowo anali osavuta?" Amayamba wakhala chete, kenako n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti ndiyenera kusonyeza kuti china chilichonse sichinasinthe." Akafika ponena yekha zimenezi, wayamba kufufuza.

Njira yosavuta yoyeserera ndi iyi: atenge ndime imodzi ya m'pepala lake, adule mzere wofiira pansi pa mfundo, wobiriwira pansi pa umboni, wakuda pansi pa chiganizo cholumikiza. Ambiri amapeza kuti cholembera chakudacho sichinagwire ntchito.

Mpatseni mpata wotsutsa

Ophunzira amaopa kutchula maganizo otsutsana ndi awo, amati ziwachotsera malikisi. Atsimikizireni kuti m'pamene malikisi amachokera. Akhale awiriawiri, aliyense atsutse pepala la mnzake ndi mphamvu zonse, ndipo mwini pepala alembe chitsutsocho mwachilungamo, moti wotsutsayo avomere kuti ndi zomwedi amatanthauza. Akatero ayankhe. Nthawi zina yankho loona limakhala kuvomera mbali ina n'kuchepetsa mfundo yako, kuchotsa "nthawi zonse" n'kuika "nthawi zambiri". Mutu umodzi susenza denga, ndipo pepala lomwe silinakumanepo ndi wolitsutsa limagwa ndi funso loyamba.

Kachongedwe

Ngati malikisi onse ali pa pepala lomaliza, ophunzira adzalilemba usiku umodzi, ndipo zonse tafotokozazi zidzapita pachabe. Agaweni: ena pa funso, ena pa manotsi a magwero asanu kapena asanu ndi limodzi, ena pa kulemba koyamba, otsalawo pa pepala lokonzedwanso. Pochonga kulemba koyamba ugwireni mtima, musadzaze inki pa kalembedwe ka mawu. Tchulani zinthu ziwiri zokha zazikulu, monga ndime yomwe ilibe umboni ndi mfundo yomwe yasochera, chifukwa munthu akapatsidwa zolakwa makumi atatu amakonza zing'onozing'ono n'kusiya zenizenizo.

Kalasi ikakhala yaikulu, ophunzira awerengerane m'magulu a anthu atatu, ali ndi mafunso omwe mwawalembera. Ndipo pobweza mapepala omaliza, pezani mphindi zitatu ndi aliyense, kapena ndi gulu lililonse ngati nthawi yachepa, pepala lili chotseka patebulo. Mufunseni kuti mfundo yake ndi yotani, umboni wake wamphamvu kwambiri anaupeza kuti, ndipo ndi chiyani chomwe chikanamusinthitsa maganizo.